Frangipani kumalo achisanu: agone pati nyengo yozizira ikafika?

Kwathu frangipani si mtengo woti munthu n'kuutayira tulo. Mumathyola nthambi pabwalo la tchalitchi kapena kwa anansi, kuisiya pakhonde kuti bala liume, kenako kuizika pansi ngati chinangwa. Mvula ikagwa masamba amatuluka, ndipo pakapita zaka zochepa ana amakhala akutola maluwa oyera achikasu pakati n'kumawatunga pa ulusi. Ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Lilongwe palibe amaufunditsa usiku. N'chifukwa chake ambiri a ife tikasamukira ku Britain, kapena ku Johannesburg kumene Juni amabwera ndi chisanu chowawula masamba, timadabwa mtengo womwewu ukamatifera m'manja.

Wanga woyamba kuno ku England unafa mu Febuluwale uli pazenera la kukhitchini. Ndinkauthirira Loweruka lililonse monga ndinkachitira ndi maluwa ena a m'nyumba. Masamba atayamba kuyoyoka ndinawonjezera madzi poganiza kuti uli ndi ludzu. Tsiku lina nditagwira thunthu ndinapeza lafewa ngati nthochi yakupsa, mizu yonse itawola. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa fungo la maluwa amenewa limandikumbutsa pabwalo pomwe ndinakulira, ndipo ndinkafunitsitsa kuti ana anga alimve. Kuchokera pamenepo ndayesa njira zingapo, zina ndaziona kwa anzanga, ndipo ndikufuna tiziyerekeze bwinobwino.

Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti mtengo upulumuka bwanji miyezi yozizira. Lachiwiri ndi lakuti uchita bwanji maluwa. Njira ina imayankha bwino funso loyamba koma n'kukusiyani ndi ndodo ya masamba okhaokha chaka ndi chaka. Ina imabweretsa maluwa koma ndalama za magetsi zake n'zosayamba.

Mtengo wozolowera kugona

Dzina lake la sayansi ndi Plumeria, pokumbukira Charles Plumier, wansembe wa ku France amene anafufuza zomera za kuzilumba za Caribbean chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, Central America ndi zilumba zimenezo. Mtundu wofala kwambiri, Plumeria rubra, umamera kumalo amene mvula imagwa miyezi ingapo kenako n'kudula kwa nthawi yaitali. Mvula ikatha umagwetsa masamba onse, n'kuima uli mbulanda ngati mlambe m'chilimwe, madzi utawasunga m'nthambi zake zonenepa zija. Amene anauyang'anitsitsa kwathu mu Julayi ndi Ogasiti akudziwa zimenezi: nthambi zokhazokha, ndiyeno kutentha kwa Okutobala kukayandikira maluwa amayamba kutuluka kunsonga, nthawi zina masamba asanabwere n'komwe.

Mfundo yonse yagona pamenepa. Mtengowu umadziwa kugona, koma umagona pouma. Kutentha kukatsika kufika pa madigiri 10 umasiya kukula ndipo mizu imasiya kumwa. Madzi amene mwathira amangokhala m'dothi, ozizira, ndipo kuwola kumayamba. Pa ziro nsonga zanthete zimapsa n'kuda. Chisanu chikapitirira pamenepo kwa maola angapo, nthambi zimasanduka phala. Koma mitengo yambiri imene imafera m'nyumba za ku Ulaya simaphedwa ndi chisanu chotere. Imaphedwa ndi dothi lonyowa pamalo ozizira pang'ono chabe.

Mumphika, n'kuugoneka pouma

Iyi ndi njira imene ndimatsata, ndipo ndiyambe nayo chifukwa ndi imene ingatheke kwa munthu wokhala m'nyumba ya lendi yopanda dimba lalikulu.

Mtengo umakhala mumphika moyo wake wonse. Dothi liyenera kukhala lotaya madzi msanga: theka kompositi wogula m'matumba, theka perlite (timibulu toyera topepuka tothandiza dothi kutaya madzi) kapena timiyala ting'onoting'ono. Mukathira madzi azituluka pansi nthawi yomweyo. Mphika usakule kwambiri kuposa mizu, chifukwa dothi lopanda mizu ndi limene limasunga chinyezi. Pa nkhani ya mtundu wa mphika anthu amasiyana maganizo. Wadothi wowotcha umauma msanga ndipo ndi wolemera, mphepo siugwetsa. Wapulasitiki wakuda umakoka dzuwa n'kutenthetsa mizu, ndipo kumalo amene chilimwe chake n'chofooka kutentha kwa mizu kumeneku n'kofunika kwambiri. Ine ndimasankha wakuda wa mabowo ambiri, n'kuukhazika pa simenti kapena pa njerwa zimene zimawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse.

Chakumapeto kwa Ogasiti ndimasiya feteleza. Mu Sepitembala ndimachepetsa madzi. Usiku ukayamba kufika pa madigiri 10, kumene ku England kumachitika chakumapeto kwa Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mtengo umalowa m'nyumba dothi lili louma kale. Masamba otsala ndimawadula ndi sizasi, kusiya kaphesi kotalika ngati chala chaching'ono, komwe kamauma n'kugwa kokha pakapita masiku. Kuwathyola ndi manja kumasiya bala pathunthu pomwe kuwola kungalowere. Samalani ndi utomoni wake woyera ngati mkaka: umayabwa pakhungu, ndi woopsa m'maso, ndipo ana ndi ziweto za m'nyumba asaulawe.

Ukakhala wopanda masamba sufunanso kuwala. Ukhoza kukhala kuseri kwa chitseko, m'kachipinda kosungiramo katundu, ngakhale pakona ya chipinda chogona alendo. Chofunika ndi malo ouma amene kutentha kwake kumakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa potsatira malangizo olembedwa ndi anthu a ku California kapena ku Florida, amene amati ikani mu galaja. Galaja ya ku Leeds kapena ku Glasgow mu Januwale imazizira pafupifupi ngati panja, ndipo imakhala ndi chinyezi. Gulani thermometer yosonyeza kuzizira kwa usiku wonse, muiike pamalopo sabata imodzi mtengo usanafike. Mphika usakhale pa simenti yozizira, ikani thabwa pansi pake. Usayandikirenso radiator, chitsulo chotenthetsera m'nyumba, chifukwa ungadzuke nthawi isanakwane n'kutulutsa timasamba tofooka mumdima.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi ntchito yanu ndi imodzi yokha. Kamodzi pa masabata awiri finyani nthambi pang'ono ndi zala. Ikakhala yolimba ngati karoti, isiyeni. Ikachita makwinya koma ili yolimbabe, thirani kapu imodzi ya madzi ofunda m'mbali mwa mphika, osati pathunthu. Ikafewa kapena kuda, tengani mpeni wakuthwa woupukuta ndi spiriti, mudule pang'onopang'ono kutsika mpaka mutafika pomwe mkati muli moyera ndipo utomoni ukutuluka. Zaka zambiri wanga amadutsa miyezi isanu imeneyi osalawa dontho.

Nthawi yoopsa kwambiri si Januwale ayi. Ndi Malichi ndi Epulo, pomwe dzuwa layamba kuwala ndipo mtima wa mwini wake wayamba kufulumira. Mumausunthira pazenera loyang'ana kumwera. Nsonga zimayamba kunyezimira ngati zapakidwa mafuta, kenako timasamba timatuluka topindika ngati zikhadabo za nkhuku. Manja amayabwa kufuna kuthirira. Dikirani. Mizu imadzuka mochedwa kuposa nsonga, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi enieni ayambe masamba awiri kapena atatu atatambasuka, ndipo feteleza abwere pambuyo pake. Feteleza wamadzi wa tomato, amene amapezeka m'sitolo iliyonse ya zam'dimba, amakwanira.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Simulipira magetsi owonjezera, tizilombo tilibe masamba oti tidye, ndipo mtengo ukuchita zomwe umachita kwawo. Kuipa kwake ndi kufupika kwa nyengo yokulira. Frangipani amafuna dzuwa lowomba mwachindunji maola 6 kapena kuposerapo pa tsiku, ndi kutentha kwa masana kopitirira madigiri 20 kwa miyezi ingapo motsatizana. Mtengo umene wadzuka mu Meyi n'kutulutsidwa panja mu Juni umatha kuonetsa phata la maluwa, kaphesi kamene maluwa amatulukirapo, mu Ogasiti, maluwawo n'kupezedwa ndi kuzizira kwa Okutobala asanatseguke. Zikatero musadule phatalo. Lisiyeni ligone ndi mtengo, chifukwa nthawi zina limapitiriza chaka chotsatira. Koma ndinene mosabisa kuti kumpoto kwa England ndi ku Scotland, mtengo wongokhala panja m'chilimwe umatha zaka osachita duwa. Njira iyi payokha imasunga moyo. Kuti maluwa abwere pamafunika galasi, ndipo tifikako.

Kuuzula n'kuusunga wopanda dothi

Ku Texas, makamaka ku Houston kumene bungwe la Plumeria Society of America linayambira mu 1979, alimi ambiri amabzala mitengo yawo panthaka nyengo yotentha ikayamba. Imakula mwamphamvu chifukwa mizu ili ndi ufulu. Chisanu chikayandikira amaikumba, kukutumula dothi, kudula masamba, n'kuiunjika mu galaja kapena kuipachika kudenga mizu ili pamtunda. Kwa ife amene tinaona makolo akusunga mitengo ya chinangwa pamthunzi kudikira mvula, zimenezi si zachilendo.

Kwa munthu amene ali ndi mitengo makumi awiri ndi malo ochepa, njirayi ndi yanzeru, ndipo vuto la dothi lonyowa limatheratu. Koma imadalira chilimwe chachitali chotentha kwambiri, choti mtengo umere mizu yatsopano, ukule, uchite maluwa, zonse m'chaka chimodzi. Ku Britain nthaka ya m'dimba imakhala yozizira mpaka Juni. Mtengo umene wataya timizu take tating'ono umatha theka la chilimwe ukuchira. Sindingaulangize kwa aliyense wa kuno. Chimodzimodzi ndi njira yofanana nayo yokwirira mphika wonse m'nthaka m'chilimwe: kumalo otentha imathandiza kuti mizu isapse, koma kumalo ozizira ikukulandani kutentha komwe mphika wakuda ukanakupatsani.

Kuuletsa kugona: mababu ndi kamphasa kamagetsi

Ena safuna kuona ndodo yopanda masamba miyezi isanu. Amausunga m'chipinda chofunda, pansi pa mababu a LED opangidwira zomera, mphika utakhala pa kamphasa kamagetsi kotenthetsa mizu.

Tiyambe ndi chimene sichitheka, chomwe ndi zenera lokha. Ku London pa 21 Disembala dzuwa limakhala kumwamba maola osakwana 8, lili chapansipansi, kawirikawiri kuseri kwa mitambo. Ku Lilongwe tsiku lalifupi kwambiri pa chaka limapitirira maola 11. Mtengo umene uli pazenera m'chipinda chofunda umamva kutentha kouuza kuti ukule, koma kuwala koti upangire chakudya palibe. Umatalika mowonda, nsonga zimafooka, ndipo mwini wake amathirira chifukwa akuona masamba. Umu ndi momwe wanga woyamba unafera. Pa njira zonse, iyi ya pakatikati, yosagona koma yosadzukanso, ndiyo yoipitsitsa.

Ndi mababu amphamvu zinthu zimasintha. Oyaka maola 14 pa tsiku, ali pafupi ndi masamba, amatha kusunga mtengo ukukula ndipo maluwa amabwera msanga. Tiwerengere limodzi: babu la mawati 100 loyaka maola 14 limadya mayunitsi 1.4 pa tsiku. Pa masiku 150 ndi mayunitsi 210, ndipo babu limodzi lotere limakwanira mtengo umodzi kapena iwiri yaing'ono. Onjezanipo kamphasa kaja ndi kufunditsa chipinda usiku. Chulukitsani ndi mtengo wa yunitsi kumene mukukhala, muone ngati thumba likuvomera.

Ndiye pali akangaude ofiira, omwe aja amavutitsa alimi a tomato m'madimba akwathu m'nyengo yotentha. Amakonda mpweya wouma wofunda, womwe ndi mpweya wa m'nyumba iliyonse yoyatsa radiator. Mumayamba kuona timadontho tachikasu pamasamba, kenako timaulusi kunsi kwake, ndipo pofika nthawi imeneyo aswana kale. Walira mvula walira matope: mukafuna masamba mu Januwale, konzekani kuwatsuka kunsi ndi madzi sabata iliyonse. Ku Britain kumagulitsidwanso tizilombo tina totchedwa Phytoseiulus persimilis timene timadya akangaudewa, ndipo timagwira ntchito bwino pamalo ofunda amene mpweya wake si wouma kwambiri.

Pali nthawi ziwiri zimene ndimaona kuti mababu ndi oyenera ndalama zake. Yoyamba ndi ya timitengo tating'ono, mbande zofesedwa chaka chomwecho kapena nthambi imene yangomera mizu, zomwe zilibe madzi okwanira m'thupi oti zigone nawo miyezi isanu. Yachiwiri ndi ya mitundu yosagwetsa masamba. Plumeria obtusa, wa masamba onyezimira obulungira kunsonga amene ambiri amamutcha Singapore, ndi Plumeria pudica wa masamba ooneka ngati supuni, sagona tulo tofa nato ngati rubra. Amafuna kuwala chaka chonse ndi malo ofundirapo, ndipo mukawatsekera mumdima amavutika. Kupatula apo, pali njira yodulira pakati imene ndimaikonda: mtengo ugone Novembala mpaka Febuluwale, kenako mababu ndi kamphasa ziyake masabata 6 okha kuti udzuke msanga. Magetsi ake ndi ochepa, koma mwawonjezera mwezi wathunthu ndi theka pa nyengo yokulira, ndipo nthawi zambiri mwezi umenewo ndi umene umasiyanitsa chaka cha maluwa ndi chaka cha masamba okha.

Kuseri kwa galasi

Nyumba zambiri za ku Britain zili ndi conservatory, kachipinda ka magalasi komata kumbuyo kwa nyumba. Ngati muli nako ndipo kakuyang'ana kumwera, muli ndi malo abwino kuposa onse, koma m'chilimwe. Dzuwa likangowala pang'ono mkatimo mumatentha ngati ku Nsanje, ndipo frangipani amasangalala. Greenhouse ya m'dimba imachita chimodzimodzi. Mitengo yochita maluwa bwino imene ndaiona kuno pafupifupi yonse imakhala kuseri kwa galasi kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Tsegulani mazenera masana kuti mpweya uziyenda, ndipo kumbukirani kuti mphika umauma msanga mmenemo, mwina tsiku lililonse mu Julayi.

M'nyengo yozizira galasi lomwelo limasanduka mdani. Silisunga kutentha. Usiku wa Januwale greenhouse yopanda hita imazizira pafupifupi ngati panja, madzi amachita mame pagalasi n'kumadonthera pansonga, ndipo nsonga zonyowa pamalo ozizira zimada n'kufa. Kuti musunge madigiri 10 pamafunika hita, ndipo ya mawati 2,000 ikayaka maola 8 yadya mayunitsi 16 usiku umodzi. Palinso chiopsezo cha kudalira magetsi. Mu Febuluwale 2021 ku Texas kunagwa chisanu choopsa, ku Houston kutentha kunatsika kufika cha m'ma madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo magetsi anazima m'madera ambiri kwa masiku. Zomera zimene zinkadalira hita zinatsala pambalambanda. Abale a ku South Africa ndi ku Zimbabwe, amene kuzimazima kwa magetsi amakudziwa bwino, aganizirepo kawiri asanaike moyo wa mtengo pa chingwe cha magetsi.

Choncho kwa ine galasi ndi la chilimwe, ndipo kachipinda kouma ka m'nyumba ndi ka nyengo yozizira. Kuphatikiza ziwirizi ndi kumene kwandipatsa maluwa. Amene alibe conservatory kapena greenhouse agwiritse ntchito zenera lalikulu loyang'ana kumwera, ndipo azitulutsa mtengo panja masabata otentha okha a Julayi ndi Ogasiti, pafupi ndi khoma la njerwa. Potulutsa muyambe ndi pamthunzi masiku angapo, chifukwa masamba okulira m'nyumba amapsa akakumana ndi dzuwa mwadzidzidzi.

Panthaka, kwa amene nyengo yawo ikulola

Ku Britain, ku Ireland, ku Germany kapena ku Canada iwalani zobzala panthaka. Palibe chofunda chimene chingateteze mtengowu ku miyezi ya kuzizira ndi mvula.

Kummwera kwa Africa nkhani ndi ina, ndipo chifukwa chake n'chimene tayamba nacho chija. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi umatha kufika pa ziro. Koma miyezi imeneyo mvula sigwa, nthaka ndi youma, ndipo masana dzuwa limawala kwambiri. Mtengo umagona pouma monga umafunira. Chotsala ndi kuteteza nsonga ku chisanu cha m'bandakucha. Sankhani khoma loyang'ana kumpoto, chifukwa kumeneko m'nyengo yozizira dzuwa limadutsira kumpoto, ndipo khoma limasunga kutentha masana n'kukutulutsa usiku. Pewani kunsi kwa chitunda. Mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika, zomwe mlimi aliyense wa ku Dedza kapena ku Tsangano amadziwa poona kuti chisanu chimawawula mbewu za kudambo n'kusiya za kumtunda. M'tauni imodzimodziyo nyumba ya paphiri ikhoza kukhala ndi frangipani wamkulu pomwe ya m'chigwa amafa chaka chilichonse.

Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndi zimene zimafuna chisamaliro. Madzulo a tsiku lopanda mitambo ndi mphepo, zikani mitengo inayi mozungulira n'kufunditsa ndi nsalu yoteteza chisanu, masaka kapena udzu ngati momwe timatetezera nazale. Pulasitiki yokhudza nsonga imapsereza m'malo moteteza. M'mawa vundukulani. Mtengo ukakula n'kukhala ndi khungwa lokhwima umapirira bwino, ndipo ngakhale nsonga zitapsa umaphukira m'munsi, kungoti maluwa a chaka chimenecho mwawataya popeza amatulukira kunsongako. Ku Pretoria, Harare ndi Lusaka njirayi imayenda mosavuta. Kumalo ngati Bloemfontein, kumene chisanu chimatsika kwambiri pansi pa ziro usiku ndi usiku, bwererani ku mphika.

Kumene kuzizira kumabwera ndi chinyezi, chidwi chikhale pa nthaka. Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chimatha kukhala masiku chikuwaza. Kumalo otere bzalani pa mulu wokwera wosakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kutali ndi pomwe madzi a padenga amagwera. Anthu a ku Palermo pachilumba cha Sicily, amene amautcha mtengowu pomelia ndipo amausunga m'miphika pamakonde a nyumba zosanja, ali ndi mwambo umene umandisangalatsa: m'nyengo yozizira amaveka nsonga iliyonse chikamba cha dzira ngati chipewa, kuti mvula yozizira ndi mphepo zisaikhudze. Anazindikira kalekale kuti chuma cha mtengowu chili kunsonga.

Poyambira

Njira iliyonse imene mungasankhe imayenda bwino kapena moipa malinga ndi mtengo umene mwayamba nawo. Mbewu n'zotsika mtengo ndipo zimamera mosavuta pamalo ofunda, koma mudikira zaka zitatu kapena kuposerapo kuti muone duwa, kumalo ozizira mwina zochulukirapo, ndipo mtundu wa duwalo sudziwika mpaka litatseguka, chifukwa mbande sizitengera kholo ndendende. Nthambi yodula imakupatsani duwa lofanana ndi la mtengo umene yachokera. Ikhale yotalika masentimita 30 kapena kuposerapo, bala lake liume sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo muibzale mu Meyi kapena Juni pa kamphasa kotenthetsa, chifukwa mizu imatuluka dothi likakhala lofunda cha m'ma madigiri 25. Thirirani kamodzi pobzala, kenako musiye mpaka masamba atatuluka. Nthambi yogula mu Okutobala kawirikawiri imawola isanamere. Kwa woyamba kumene ndimalangiza mtengo womera kale mizu, kapena womezanitsa, wokhala ndi nsonga ziwiri kapena zitatu. Ndi wodulirapo, koma mwadumpha gawo limene ambiri amagwerapo.

Pa mitundu, oyera ndi achikasu ndi amene amapirira. Celadine, wachikasu wofala ku Hawaii komwe maluwawa amatungidwa kukhala mikanda ya m'khosi, amamera mizu mosavuta ndipo fungo lake ndi lamphamvu. Divine ndi wamfupi, wa nthambi zambiri, woyenera mphika ndi zenera. Ofiira kwambiri amakopa maso pa zithunzi za pa intaneti, koma ambiri mwa iwo amavuta kumera mizu ndipo mtundu wawo umafuna kutentha kuti uoneke bwino. Asiyeni mpaka mutadutsa nyengo yozizira iwiri ndi mtengo wamoyo.

Chiyeso chachikulu kwa ife ndi sutikesi. Munthu wapita kumudzi pa tchuthi, waona mtengo wa pabwalo la mayi ake, ndipo akufuna kubwera ndi kanthambi. Ndimaumvetsa bwino mtima umenewo. Koma malamulo a ku Britain amafuna kuti chomera chilichonse chodzabzala chochokera kunja chikhale ndi chikalata cha boma chotsimikizira kuti chilibe matenda, chimene amachitcha phytosanitary certificate, ndipo popanda chimenecho chikhoza kulandidwa pabwalo la ndege. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Frangipani amanyamula matenda a dzimbiri, aja amaoneka ngati ufa wachikasu kunsi kwa masamba, komanso tizilombo tobisala m'makhwawa a khungwa. Oyera achikasu pakati, ofanana ndi akwathu aja, amagulitsidwa ndi anazale a kuno komwe.

Wanga wamkulu tsopano ali ndi nsonga zisanu, popeza nsonga ikachita maluwa imagawanika pawiri kapena patatu. Chaka chatha ziwiri mwa izo zinachita maluwa chakumapeto kwa Julayi. Fungo lake limakula madzulo, chifukwa kwawo maluwawa amaitana agulugufe ausiku a milomo yaitali, amene amabwera kudzafuna timadzi totsekemera tomwe mulibe n'komwe. Usiku umenewo ndinatsegula chitseko cha conservatory kuti fungo lilowe m'nyumba, ndipo mwana wanga wamkazi anatola duwa limodzi lomwe linagwa n'kuliika m'mbale ya madzi pafupi ndi bedi lake. Pano mtengowo uli m'kachipinda ka pansi pa masitepe, pa thabwa, wopanda tsamba ngakhale limodzi. Dzulo ndinafinya nthambi zonse zisanu ndipo zinali zolimba.